Ndinauwongola Ndithu Mgwalangwa Uja

Ine ntchito yanga inali ya mitengo. Ndinayamba kucheka matabwa ndevu zisanamere, ndipo pofika nthawi yokwatira panalibe mtengo m'mapiri a kwathu kuno ku Neno umene sindinkaudziwa. Mbawa ndinkaizindikira ndi fungo la utuchi wake, mlombwa ndi utomoni wake wofiira uja. Munthu akayamba kundiuza za mtengo ndinkamudula pakamwa asanamalize, chifukwa ndinkaona ngati akungondichedwetsa. Ndikunena zimenezi poyamba kuti mumudziwe munthu amene akukusimbiraniyu. Sindinali woipa mtima ayi. Ndinali wamakani basi, ndipo makaniwo ndi amene anandipasulira banja.

Mkazi wanga anali wa ku Matope, kumunsi uko m'mbali mwa Shire. Ndinamuona nditapita kukakhoma zitseko pa nyumba ya mphunzitsi wina, dziko litangolandira kumene ufulu. Abale ake atandilola chitengwa ndinabwera naye kumapiri kuno, kufupi ndi Ligowe. Katundu wake anali kabokosi kamodzi, mkeka woluka yekha, ndi zipatso zitatu za mgwalangwa zomanga pansonga ya chitenje. Mgwalangwa ndi mtengo wa kuchigwa. Umakhala thunthu limodzi lopanda nthambi, masamba onse ali kumutu, ndipo masambawo ndiwo mlaza umene amalukira mikeka. Kumtunda kuno sumera wokha. Ine nditaziona zipatso zouma gwa zija ndinaseka.

"Kodi mayi, miyala imeneyi mukuti imera?"

"Imera, bambo, koma siifuna munthu wapaphuma," anayankha motero, n'kukazikwirira kuseri kwa nyumba, m'kadimba ka tomato ndi mpiru kamene kanali m'munsi mwa munda wathu wa chimanga.

Ziwiri zinathera pansi pomwepo. Chachitatu chinatulutsa katsamba kamodzi kowongoka ngati udzu patapita chaka ndi miyezi, mwezi womwewo umene mkazi wanga anali wotopa ndi pakati pake poyamba.

Mwanayo anabadwa wamkazi. Anakhala masiku asanu. Ine sindinamunyamuleko, pakuti anali akadali m'chikuta ndipo mwamuna salowamo. Ndinangomuona kamodzi nditasuzumira pakhomo, kamutu kodzaza tsitsi. M'masiku asanu amenewo mkazi wanga ankandiitana ali m'kati kuti "bambo a mwana," ndipo ine ndinkayenda pabwalo ngati ndagula dziko lonse. Tsiku lachisanu m'mawa amayi achikulire anatuluka m'nyumba muja, mwana atatisiya.

Khanda likamwalira lisanatuluke m'chikuta, maliro ake sakhala a amuna. Salira, saimba, sakhoma bokosi. Ine ndinali ndi matabwa a mbawa opala kale, osalala bwino, ndipo ndinathamanga kukawatenga. Achemwali anga aakulu, amene ankayendetsa zonse pamudzi pathu, anandiimitsa pakhomo nati, "Achimwene, bwezerani komweko. Izi si zanu." Tangoganizani, ine mmisiri wa matabwa, mwana wanga anapita atakulungidwa m'chitenje chakale. Amayi anayi anatsikira naye kumtsinje, nabwerako manja ali zii. Mkazi wanga sanaloledwe kupita nawo, ndipo malowo sanatiuze tonse awiri. Anangomulangiza kuti asagwetse msozi, akatero atseka njira ya ana ena obwera m'mbuyo. Anamvera, sanalire. Mwanayo analibe ngakhale dzina.

Patapita masiku awiri ndinadzuka m'mawa kukatenga nkhwangwa kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndinamuona mkazi wanga. Anali atagwada pa kamgwalangwa kaja, atamasula chitenje pachifuwa, akufinyira mkaka patsinde pake. Mawere anali atamutupira, mkaka ukungotuluka wopanda woyamwa. Ankafinya bere limodzi, kenako linalo, akulankhula motsitsa mawu zimene sindinamve. Ndinabisala kuseri kwa nkhokwe kuja. Anachita zimenezo m'mawa uliwonse mpaka mkaka unaphwa, ndipo ine m'mawa uliwonse ndinkabisala pomwepo. Sitinakambiranepo nkhani imeneyi, koma iye ankadziwa kuti ndinaona.

Ana ena aja sanabwere. Tinayenda m'zipatala, tinamwa zowawa zambiri za m'mabotolo ndi za m'zikho, koma ayi ndithu. Zaka zinkapita, mtengo wokha ndiwo unkakula, pang'onopang'ono monga mwa mtundu wake. Utafika m'chiuno, mkazi wanga anati tsiku lina akuthirira, "Chaka chino akanayamba sukulu." Utandipitirira ine msinkhu anati, "Pano bwenzi akundithandiza kusinja." Sankanena modandaula, ankangonena ngati mmene munthu amanenera kuti kunja kuli mitambo. Mlaza ankadula wam'munsi wokhawokha, wokhwima, ndipo a kutchalitchi akabwera kudzapempha masamba a Lamulungu la kanjedza ankawadulira yekha. Chikwanje cha munthu wina sichinkafika pamenepo.

Achemwali anga ndiwo sanatope kundilondalonda. Ankabwera kumene ndinkachekera matabwa, n'kukhala pa chipika, n'kuyamba. "Achimwene, mukukalamba. Matabwa onsewa mudzasiyira yani? Akazi atha m'dziko muno?" Ine ndinkawakalipira mpaka ankachoka akupukusa mutu, koma mawu otere amayenda, ndipo ankafika kunyumba ine ndisanafike. Tsiku lina madzulo mkazi wanga akuluka mkeka pansi pa mtengo wake anandiitana.

"Bambo, muwauze alamu anga asavutike ndi kundithamangitsa. Chondisunga kuno chili pano," anatero akusisita thunthu lija. "Tsiku limene chidzachoke, inu nomwe mudzandiperekeze kokwerera basi."

Zinandibaya. "Nanga ine? Ine si kanthu eti?"

"Inu ndimakukondani, musakayike. Koma inu kuno ndi kwanu, muli ndi abale anu, muli ndi manda a makolo anu oti mukhoza kuwaloza. Ine ndingaloze chiyani?"

Ndinanyamuka n'kukanola sowo imene inali yakuthwa kale.

Chaka chimene ndikufuna kunenachi mtengo unali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, utapitirira denga la nyumba. Mwezi wa Febuluwale kunagwa chimvula masana, cha maola awiri okha, koma cha mkokomo. Madzi anaphwasula mzere waukulu umene unkatchinga kumtunda kwa munda, natsika onse pamodzi kudzera kuseri kwa nyumba. Anakokolola tomato yense, nakumba dothi la kumunsi kwa mgwalangwa mpaka mizu inaonekera, yambirimbiri, yopyapyala ngati zingwe. Mvula itakata tinatuluka. Mtengo unali utapendekera kumunsi, mutu wake utalunjika pa denga la khitchini.

Achemwali anafika matope ali m'maondo. Atangouona anati, "Gwetsani, achimwene, usanaphe munthu." Mkazi wanga sanawayang'ane n'komwe. Anagwada n'kuyamba kukwirira mizu ija ndi manja.

Iye ndiye ankadziwa chochita, pakuti anaonapo bambo ake akuwongola wina kwawo madzi a Shire atasefukira. Anandiuza kuti ndikumbe pang'ono mbali ya kumtunda kuti tsinde lipeze pobwerera, koma khasu lisadule mizu. Ndidule mphanda ziwiri zolimba zochirikiza kumunsi, pokhudza thunthu tiikepo chiguduli kuti zisalisupule. Timange chingwe cha khonje chapakati pa thunthu, tichikokere ku mtengo wa mango umene unali kumtunda. Ndiye tsiku lililonse tizithira madzi patsinde kuti dothi lifewe, tizikoka pang'ono, tizisuntha mphanda, n'kuleka.

"Pang'ono bwanji?" ndinafunsa.

Anatambasula dzanja lake. "Chikhatho chimodzi pa tsiku."

"Aaa, mayi! Tidzamaliza chimanga chitauma! Ndiitane anyamata asanu, lero lomwe uima."

"Mukaukoka tsiku limodzi mizu ithothoka. Chikhatho chimodzi, bambo."

Ndinang'ung'udza, koma ndinamvera. Ndipo ndinene zoona, masiku anayi amenewo ndi amene ndimawakumbuka koposa m'banja lathu lonse. Tinkadzuka m'mawa, iye ndi ndowa, ine ndi chingwe. Ine ndinkakoka, iye atakumbatira thunthu, khutu ataligunditsa pamenepo, akumvetsera mizu. Akati "basi!" ndinkamanga mfundo. Ankandiseka kuti ndimakoka ngati ng'ombe yosaphunzitsidwa ngolo, ine n'kumamuyankha kuti anthu a kuchigwa ulesi anauyesa nzeru. Tsiku lachitatu phazi langa linaterereka ndipo ndinakhala pansi m'matope, phwatha! Iye anaseka mpaka kugwira m'mimba, nati, "Dzukani, bambo a mwana, mukutichititsa manyazi." Mawu amenewo anangomupulumuka. Ndinadzuka n'kugwiranso chingwe. Pofika tsiku lachinayi mtengo unali utachoka pa denga la khitchini, ndipo aliyense ankaona kuti ukubwerera.

Madzulo a tsiku lomwelo kunabwera amayi amene anali apampando wa amayi a chipani m'dera lathu. Anati mwini dziko akubwera kudzayendera mbewu m'chigawo chino, ndipo mawa m'mawa lole idzatenga amayi onse kukaphunzira nyimbo ndi magule. Akakhalako masiku asanu ndi limodzi, azikagona m'makalasi a sukulu. Mkazi wanga anali ndi mawu abwino, ndiye ankayambitsa nyimbo. Anayesa kupempha, mwaulemu ndithu, atagwada, kuti ulendo uno wokha atsale, ali ndi ntchito pakhomo yosati n'kuisiya.

"Ntchito yanji?"

"Mtengo wanga wapendekeka."

Amayi aja anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu. Sanali munthu wankhanza, nawonso ankaopa. "Mwana wanga, ukufuna ndikanene kumtunda kuti wakana kukavinira mwini dziko chifukwa cha mtengo? Ukudziwa kumene mawu amenewo angakufikitse? Ine sindinamve chilichonse. Mawa uvale nsalu yako."

Masiku amenewo nkhani inkathera pomwepo. M'mawa mwake ndinamuperekeza kumsewu, atavala nsalu ya chipani, kamtolo ka bulangete kali pamutu. Njira yonse ankangobwereza: madzi patsinde, chiguduli chisachoke, chikhatho chimodzi. Ine zinayamba kundinyansa, chifukwa amuna anzanga anali pomwepo akumva mkazi akundilangiza za mtengo. Lole itafika, amayi akukwera mokankhana, iye anabwerera pang'ono n'kundigwira mkono.

"Bambo, chinthu chimodzi chokha. Mgwalangwa si ngati mitengo yanu ya kuno. Zivute zitani, musa..."

"Iii, mayi, mwayamba liti kundiphunzitsa mitengo ine? Kwerani, lole ikusiyani!"

Amuna aja anaseka. Iye anandiyang'ana, natseka pakamwa, nakwera. Ndakhala zaka zambiri ndikubwerera pa msewu umenewo m'maganizo mwanga. Akanangomaliza mawu atatu okha, kalanga ine.

Masiku awiri oyamba ndinachita zonse monga anandiuzira. Tsiku lachitatu masana mvula inabweranso, ya mphepo. Ndinathamanga kuchoka kocheka matabwa, ndipo ndinafika nthawi yomwe chingwe chinkaduka, thapu! Mphanda zonse ziwiri zinali zitamira m'matope. Mphepo inkaugwira mtengo ndi masamba ake akuluakulu aja n'kumaukankhira pansi, ine ndikuona. Zimene tinapindula masiku asanu ndi limodzi zinatha m'kanthawi kochepa, ndipo unapendekeka kuposa poyamba. Mbali ya kumtunda dothi linang'ambika, mizu ina ikulira tswi, tswi. Ndinaika phewa langa pansi pa thunthu ngati chitsiru, ngati munthu mmodzi angasenze mgwalangwa. Ndinachita mantha kwambiri. Ndinkangoona mkazi wanga akutsika lole n'kupeza mtengo uli gone pa khitchini, kenako ine ndikumunyamulira bokosi kupita kokwerera basi.

Mvula itachepa kunabwera mnzanga amene tinkacheka naye, iye pansi m'dzenje ine pamwamba pa chipika, zaka khumi ndi ziwiri. Anazungulira mtengo uja, nayang'ana kumwamba.

"Akulu, vuto ndi mutuwo. Walemera, ndiponso ndi umene ukukola mphepo. Ikabweranso mawa, basi wapita."

Ndi zomwe ndinkaganiza inenso. Ndipo musatiyese opusa. Kumapiri kuno mwana aliyense amadziwa kuti mtengo ukalemera kumutu umausadza. Mango timawasadza, mapichesi timawadulira, bulugamu timamugwetsa n'kusiya chitsa chokha, koma mvula ikangogwa zonse zimaphukira, mwinanso mokongola kuposa kale. Ine ndinali nditasadza mitengo yosawerengeka, ndipo panalibe ndi umodzi womwe umene unandifera.

Tinachirikiza ndi mphanda zatsopano, ndinaimika makwerero, ndinakwera. Ndinayamba ndi masamba am'munsi, kenako apakati. Minga za m'mapesi ake zinanding'amba manja, magazi chuchuchu, koma sindinasamale. Atatsala apamwamba okha ndinaima pang'ono. Ndinakumbuka dzanja lake pa mkono wanga ku lole kuja. Koma kumadzulo kunali kukuderanso, ndiye ndinati, ukaphukira adzandithokoza. Ndinaitanitsa sowo yaing'ono. Ndinadula mutu wonse, mwaluso ndithu, mopendeketsa kuti madzi a mvula asamakhazikike pa bala, n'kumatapo dothi monga timachitira ndi mango.

Mutu uja utagwa pansi unang'ambika, ndipo m'kati mwake munali chinthu choyera mbee, chofewa, masamba ang'onoang'ono osabadwa atapindana pamodzi. Mnzanga anabenthulako n'kulawa. "Ha! Akulu, n'chokoma ichi, ngati chinangwa chozuna." Anandipatsira. Ndinadya. Zimenezi sindinauzepo munthu ndi kale lonse, ndikuzinena lero. Ndinadya, ndipo ndinavomereza kuti n'chokoma. Chotsalacho tinakaponya kuseri kwa khola la mbuzi.

Popanda mutu, thunthu linapepuka. Tinaitana amuna ena awiri, tinathira madzi, tinakoka pang'onopang'ono, ndipo dzuwa lisanalowe mtengo unaima. Ndinamanga mwala ku chingwe n'kuyeza mbali zonse, monga ndimachitira poimika mafelemu a zitseko. Unali njo, osapendekera kwina kulikonse. Tinatsira dothi, tinasanja miyala kuzungulira tsinde, tinatsindira, ndinaika mphanda zitatu. Ndinakonzanso mzere wa kumtunda uja kuti madzi asadzadutsenso pamenepo. Masamba ndinawasanja bwino pakhonde kuti mwini wake adzalukire. Achemwali anadutsa, nayang'ana, nati, "Koma ndiye mwaumeta mpala," ine n'kuseka. Masiku atatu otsalawo ndinkayenda monyada, ndipo tsiku lobwera amayi ndinasesa kuseri konse n'kuvala malaya oyera.

Lole inafika dzuwa litapendeka. Mkazi wanga anatsika mapazi atatupa, mawu atasasa ndi kuimba. Sanafunse za ine, sanafunse za mbuzi. Anangoti, "Uli bwanji?"

"Bwerani mudzaone nokha ntchito ya amuna," ndinatero.

Tinazungulira nyumba, ine patsogolo. Nditacheuka ndinamuona ataima pangodya, kamtolo kali pamutu. Anayang'ana miyala, mphanda, thunthu, maso akukwera pang'onopang'ono mpaka pamwamba pamene panali dothi lomata lija. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana pamenepo.

"Mutu uli kuti?"

"Unalemera, mayi. Mvula inabweranso, chingwe chinaduka. Ndinausadza kuti..."

"Mutu uli kuti, bambo?"

Ndinamulozera kukhola. Anatula kamtolo pansi, napita. Mbuzi zinali zitadya choyera chonse chija, kutsala chikhokho chokha ndi mapesi. Anagwada, nachinyamula, nachiika pamiyendo. Ndiye analira. Mayo ine, kulira kumene kuja sindinakumvepo. Ndi mawu osasa aja, ankangotulutsa chimkokomo chochokera pansi pa mimba. Unali msozi umene anamuletsa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zapitazo, unabwera wonse tsiku limodzi.

Anthu anathamanga kuchokera m'makomo poyesa kuti pagwa maliro. Atamva kuti ndi mtengo, ena anabwerera akunong'onezana. Amayi apampando aja anafika ali wefuwefu, nagwada pambali pake. "Mwana wanga, tonthola. Wangotsika kumene lole, anthu adzati ukulira chiyani? Ngati sungathe, kavule kaye nsaluyo, usalire utavala imeneyo." Mkazi wanga anaimirira, nalowa m'nyumba, navula nsalu ya chipani, naipinda bwinobwino, navala chitenje chake chakale. Koma atatulukanso misozi inali itauma. Kawiri konse pa moyo wake anthu anamuuza kuti asalire mwana yemweyo.

Anthu atabalalika ndinamuyandikira. "Uphukira, mayi. Ndikulumbira, mvula ikadalipo, pofika Epulo muona."

Anayankha mofatsa, ndipo kufatsako kunandipweteka kuposa akanandimenya ndi munsi. "Mgwalangwa uli ndi mtima umodzi, bambo, ndipo umakhala kumutu. Ukauchotsa palibe pena pophukira. Kwathu ngakhale wogoma uchema, mowa wochokera kumutu kwakeko, amadziwa kuti akuupha mtengowo. Ndi zimene ndinkafuna kukuuzani pa lole paja."

Ine makani sanathere pomwepo. Ndinati mitengo ya kuchigwa ikabwera kumapiri imatengera za kumapiri. Ndinkathirira m'mawa uliwonse, ndinathira manyowa a mbuzi, ndipo Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi ndinkaimika makwerero kukayang'ana pamwamba. Ndikatsika ndinkati, "Pakuoneka ngati pakufuna kutupa." Iye sankanditsutsa. Ankaphika, ankachapa, ankapalira mbatata, ankandiyankha mwaulemu monga kale. Koma kuseri kwa nyumba sanapondekonso. Ankazungulira njira yaitali popita kumtsinje. Madzulo ankakhala pakhonde n'kumang'amba mlaza uja ndinadula, akuluka mkeka.

Chimanga chitalowa m'nkhokwe, kuzizira kutayamba, ndinakweranso. Dothi lomata lija linali litagwera m'kati. Ndinapisa dzanja ndipo linalowa mpaka m'chigongono, m'zinthu zonyowa, zofunda, zonunkha. Nditalitulutsa linali ndi mphutsi zonenepa zoyera. Ndinakhala pa makwerero paja nthawi yaitali, osafuna kutsika. Nditatsika ndinamupeza ataima pangodya pomwe paja, ndi beseni la madzi ndi sopo. Anandisambitsa dzanja lija yekha, chala chimodzichimodzi.

Mkeka unatha sabata yotsatira. Anauyala pa bedi langa, nausalaza ndi manja. Kenako anati, "Bambo, mawa mundiperekeze."

Ndinakalipa, ndinapepesa, ndinagwada, ine amene ndinali ndisanagwadirepo munthu. Ndinati ndikawathamangitsa achemwali asadzapondenso pakhomo pano. Iye anati achemwali alibe mlandu. Anati sakundida, akudziwa kuti ndinachita pofuna kumusunga. "Koma ndikadzuka m'mawa ndiziyang'ana chiyani? Chikanagwa chokha ndi mphepo, bwenzi ndikuti ndi Mulungu. Pano chaima apo, chowongoka bwino, chopanda mutu. Sindingathe, bambo." M'mawa mwake ndinasenza kabokosi komwe kaja anabwera nako, mpaka kumsewu.

Ku Matope ndinapitako katatu. Ulendo woyamba alamu anga, mlongo wake wamkulu, anandilandira bwino, nandiuza kuti ndimupatse nthawi. Ulendo wachiwiri ndinamupeza akudwala malungo, ndipo ndinangokhala pambali pake masiku awiri n'kubwerera. Ulendo wachitatu ndinapita ndi nzeru imene ndinkaiona ngati yaikulu. Kumeneko migwalangwa ili paliponse, zipatso zimangogwa, ana n'kumaponyerana. Ndinatenga thumba, ndinayenda m'munsi mwa mitengo ija masana onse dzuwa likuswa mtengo, ndikusankha zazikulu zokhazokha, zopanda bala. Ndinafika nalo pakhomo thukuta lili kamukamu, n'kulitula pamapazi pake. Iye anali pamkeka, akusankha nyemba. Tsitsi linali litayamba imvi.

"Mayi, taonani. Tiyeni tibwerere. Tikadzala zonsezi, kuseri konse, mpaka kumunda. Ulendo uno ndidzamvera chilichonse. Chikhatho chimodzi pa tsiku, ngakhale chala chimodzi."

Anamasula thumba lija, natenga chipatso chimodzi, nachitembenuza m'manja. Anamwetulira pang'ono, momwe ankachitira ndikanena zopusa.

"Mwasankha zabwino, bambo. Zimera ndithu." Anachibwezera m'thumba, namanga kukamwa kwake. "Koma mkaka ndikautenga kuti?"

Thumba lija ndinalisiya pomwepo. Sindinapitekonso mpaka tsiku limene alamu anatumiza uthenga wa maliro ake, patapita zaka zisanu ndi chimodzi. Bokosi ndinakhoma ndekha, la mbawa, ndipo ulendo umenewo palibe anandiletsa.

Thunthu lija linakhala chiimire kuseri kwa nyumba zaka zisanu ndi zinayi. Mphanda zinaola n'kugwa, lokha linatsala chilili. Anthu ankabwera kudzalipempha, wina ankafuna mtanda wa khola, wina mlatho wa pa kamtsinje, ndipo onse ndinkawabweza ndi mawu oti sindingawabwereze pano. Alendo odutsa, osadziwa kanthu, ankaima n'kufunsa kuti mzati wowongoka chonchi anaimika ndani. Ndinkawauza kuti ndine. Pa mitengo yonse imene ndinagwirapo pa moyo wanga, palibe umene ndinauwongola bwino ngati umenewo.